Rufus Putnam ndi manda a ku Marietta: mafunso ndi mayankho

Mumzinda wa Marietta, m'chigawo cha Ohio ku America, muli manda amene pakati pake paima chimtumbira chotalika mamita pafupifupi 9. Anachiunjika ndi eni nthaka a kumeneko zaka ngati 2,000 zapitazo, akusenza dothi m'madengu. Mozungulira chimtumbiracho mwagona azungu amene anabwera kudzakhazikika m'dzikomo kuyambira mu 1788, ndipo pakati pawo pali mtsogoleri wawo, Rufus Putnam. Mayankho ali m'munsiwa akufotokoza m'mene msilikali wa ku Massachusetts anakathera m'manda a anthu ena, kutali ndi kumene kunagwera mchombo wake.

Kodi Rufus Putnam anali ndani?

Anabadwa pa 9 Epulo 1738 ku Sutton, m'dera la Massachusetts, nthawi imene deralo linali m'manja mwa mfumu ya ku Britain. Anamenya nkhondo ziwiri: yoyamba ali mnyamata, kumbali ya Angelezi polimbana ndi Afalansa, yachiwiri ali bambo wa ana, kumbali ya George Washington, mtsogoleri wa asilikali a America, polimbana ndi Angelezi omwewo. Nkhondo zitatha anatsogolera gulu la anthu 48 kuwoloka mapiri kupita kumadzulo, kumene anakamanga Marietta. Anamwalira komweko mu Meyi 1824 ali ndi zaka 86.

Anakula bwanji?

Movutika. Bambo ake, Elisha Putnam, anamwalira iye ali ndi zaka 7. Anakakhala kwa agogo ake kwa kanthawi, ndipo mayi ake atakwatiwanso anapita kukakhala kwa bambo womupeza, John Sadler, yemwe anali ndi nyumba ya alendo. Bamboyu sankawerenga komanso sankaona phindu la sukulu. Putnam atakalamba analemba yekha kuti pakhomopo ankamuseka akamupeza ndi buku. Timakobidi timene alendo ankamupatsa akawatumikira ndi timene anagulira mabuku ake oyamba a kalembedwe ndi masamu.

Ali ndi zaka 16 anam'pereka kwa mmisiri womanga zigayo zoyendera madzi ku Brookfield. Kumenekonso sukulu kunalibe, koma usiku ankaloledwa kuyatsa kandulo ndi kuwerenga. Masamu oyezera malo anadziphunzitsa yekha choncho. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira, chifukwa moyo wonse wa munthuyu unayenda ndi chingwe choyezera malo kuposa mfuti. Ngakhale ku nkhondo, chimene akuluakulu ankamufunira chinali luso la manja ake.

Analowa liti usilikali?

Mu 1757, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 19, pa nkhondo ya Angelezi ndi Afalansa yolimbirana North America. Anatumikira cha kumtunda kwa mtsinje wa Hudson ndi ku nyanja za George ndi Champlain, mobwerezabwereza mpaka mu 1760.

Pali chinthu chimodzi cha nthawi imeneyo chimene sanachiiwale. Kumayambiriro kwa Febuluwale 1758, nthawi imene gulu lake linalembera usilikali inali itatha, koma akuluakulu achingelezi sanafune kuwamasula. Anyamatawo, motsogoleredwa ndi kaputeni wawo Ebenezer Learned, anangonyamuka usiku ku Stillwater kulowera kwawo, kudutsa m'mapiri okutidwa ndi chipale chofewa. Kamba amene ananyamula anali wa masiku ochepa. Anasochera potsatira mtsinje wolakwika, chakudya chinatha, ena mapazi anauma ndi chisanu. Mapeto ake anapha galu amene ankawatsatira n'kugawana nyama yake, osataya ngakhale zam'kati. Anatulukira pa linga lina la atsamunda m'mbali mwa mtsinje wa Deerfield atatheratu mphamvu. Kunena mosabisa, kumeneku kunali kuthawa usilikali, koma kwa anyamatawo pangano linali pangano: tsiku lakwana, munthu azipita kwawo. Maganizo amenewa, oti msilikali wagwira ntchito ndipo boma limupatse zake, anakhala nawo mpaka imvi, ndipo ndi amene anadzam'tengera ku Ohio.

Nanga chinamutchukitsa ndi chiyani pa nkhondo yomenyera ufulu wa America?

Ntchito ya usiku umodzi. Kumayambiriro kwa 1776 asilikali a Britain anali mumzinda wa Boston, a Washington atawazinga kunja. Kummwera kwa mzindawo kuli zitunda za Dorchester Heights. Aliyense ankadziwa kuti woika mizinga pamenepo ndiye mwini doko. Vuto linali nthaka: inali itauma gwa ndi chisanu, khasu silikanalowa, ndiye panalibe njira yokumbira maenje obisalamo asilikali.

Washington anapempha Putnam kuti aganizirepo. Putnam anali asanaphunzirepo za umisiri wa nkhondo. Koma atapita kukacheza kwa Jenerale William Heath anaona patebulo buku lofotokoza za kamangidwe ka malinga, nalibwereka mochita kukakamira. Mmenemo anapezamo njira yomangira linga pamwamba pa nthaka popanda kukumba: kukhoma mafelemu amitengo kutali, kuwanyamula, kuwaimika, kenaka kudzaza pakati pake ndi mitolo ya nthambi zomangidwa zolimba. Kwa mmisiri wa zigayo, imeneyi inali ntchito yodziwika.

Usiku wa pa 4 Malichi 1776 ngolo mazanamazana zokokedwa ndi ng'ombe zinakweza zonsezi pachitunda, mizinga ya kwina ikulira kuti phokoso la ngolo lisamveke. Kutacha, Angelezi anaona linga pamene dzulo lake panali poyera. Pa 17 Malichi anakwera zombo zawo n'kuchoka mu Boston.

Pambuyo pake Putnam anamanga malinga ku New York, anatsogolera gulu la asilikali a ku Massachusetts pa nkhondo ya ku Saratoga mu 1777, ndipo mu 1778 anthu ake anamanga linga la pamwamba pa West Point, m'mbali mwa mtsinje wa Hudson, limene mpaka lero limatchedwa Fort Putnam. Udindo wa bulugediya jenerale anaulandira mu Januwale 1783, nkhondo ikupita kumapeto.

Kodi anali pachibale ndi Jenerale Israel Putnam?

Inde. Bambo a Rufus ndi bambo a Israel sanali amodzi: Israel anali msuweni wa bambo a Rufus, ndipo anali wamkulu kwa Rufus ndi zaka 20. Anthu ambiri amawasokoneza. Israel ndi uja anatchuka pa nkhondo ya ku Bunker Hill pafupi ndi Boston, ndipo anaikidwa ku Connecticut.

Munthu amene anali ndi nyumba ndi ulemu kwawo anasamukiranji?

Chifukwa cha ngongole imene boma linali nayo kwa asilikali ake. Nkhondo itatha, boma latsopano la America linalibe ndalama. Asilikali anabwerera kwawo ndi mapepala olonjeza malipiro, ndipo mapepalawo anagwa mtengo moti ambiri anawagulitsa motchipa kuti ana adye. Mu Juni 1783, asilikali asanabalalike ku Newburgh, Putnam anatsogolera akuluakulu a asilikali 288 kulemba chikalata chopempha nyumba ya malamulo kuti iwapatse malo kutsidya kwa mtsinje wa Ohio. Washington anachivomereza, koma aphungu sanachitepo kanthu.

Putnam sanagwe ulesi. Pa 1 Malichi 1786 iye ndi anzake, kuphatikizapo Benjamin Tupper, anakumana m'nyumba ya alendo yotchedwa Bunch of Grapes ku Boston n'kukhazikitsa kampani ya Ohio Company of Associates. Nzeru yake inali yoti asonkhanitse mapepala aja n'kugula nawo malo ku boma lomwelo limene linawapereka. M'busa Manasseh Cutler ndiye anapita ku New York kukakambirana ndi aphungu mu 1787, ndipo anagwirizana za maekala pafupifupi 1,500,000. Kampaniyo sinathe kulipira onse, choncho malo amene inalandiradi anacheperapo.

Putnam anali ndi nyumba yabwino ku Rutland, imene ilipo mpaka pano. Sanali wosowa pogona. Koma anali ndi ana ambiri, minda ya ku Massachusetts inali yamiyala ndi yothinana, ndipo anzake amene anagona nawo m'misasa zaka 8 anali pa umphawi. Ndikuganiza kuti zonsezi zinam'kankha pamodzi, kuwonjezapo mtima wa woyeza malo amene akamva za chigwa chachonde sagona tulo.

Ulendo wake unayenda bwanji?

Ananyamuka m'magulu awiri, m'nyengo yozizira kwambiri kumapeto kwa 1787 ndi kumayambiriro kwa 1788. M'mapiri a Allegheny chipale chofewa chinatseka njira, ngolo zinakanika, ndipo anachita kupanga zilei n'kumayenda patsogolo pa akavalo kuponda njira. Atafika pa mtsinje wa Youghiogheny ku Pennsylvania anakhoma maboti, lalikulu lake n'kudzalitcha Mayflower pokumbukira chombo cha makolo awo. Anatsika ndi madzi kudutsa Pittsburgh, ndipo pa 7 Epulo 1788 anakocheza pamene mtsinje wa Muskingum umathira mu Ohio. Kunali kutatsala masiku awiri kuti Putnam akwanitse zaka 50.

Mudziwo anautcha Marietta polemekeza Marie Antoinette, mfumukazi ya ku France, dziko limene linawathandiza pa nkhondo. Chinthu choyamba chachikulu chimene Putnam anamanga chinali linga lamakona anayi, la nyumba zamatabwa ochindikala zolumikizana, lotchedwa Campus Martius. Banja lake analibweretsa kumapeto kwa 1790, chaka chimene atsamundawo anavutika ndi njala chimanga chawo chitapsa ndi chisanu.

Kodi dzikolo linalibe eni ake?

Linali nawo, ndipo funso limeneli ndi limene mabuku akale a ku America ankalilumpha. Kumpoto kwa mtsinje wa Ohio kunali dziko la mitundu ya Shawnee, Lenape, Wyandot, Miami ndi ina. Anali ndi midzi, minda ya chimanga, nyemba ndi maungu, nkhalango zosakamo ndi manda a makolo awo. Tsiku limene Putnam anakocheza, pafupi pomwepo panali msasa wa anthu a mtundu wa Lenape ndi mfumu yawo, imene azungu ankaitcha Captain Pipe, ndipo anawalandira mwamtendere.

Pa pangano la ku Paris la mu 1783, limene linathetsa nkhondo ya ufulu, Britain inapereka dziko lonseli kwa America osafunsa mitunduyi, osaitchula n'komwe. Boma la America linagulitsa kwa Putnam malo amene linangowapeza papepala. Mapangano otsatira, monga la ku Fort Harmar la mu Januwale 1789, tsidya lina la Muskingum moyang'anizana ndi Marietta, anasainidwa ndi mafumu ochepa, ndipo a Shawnee ndi a Miami sanabwere n'komwe. Kwa iwo malire anali mtsinje wa Ohio basi.

Magazi anakhetsedwa. Pa 2 Januwale 1791 ankhondo a Lenape ndi Wyandot anagwera kamudzi katsopano ka kampaniyo ku Big Bottom, makilomita ngati 50 kumtunda kwa Muskingum. Anyamata a kumeneko anali asanamate mipata ya nyumba yawo ndipo sanaike mlonda. Anawapeza madzulo akukonza chakudya, ndipo anthu oposa 10 anaphedwa. Mabanja a atsamunda anathawira m'malinga n'kukhalamo zaka zinayi, akulima mfuti ili pambali. Pa 4 Novembala chaka chomwecho mitundu yogwirizana, motsogoleredwa ndi Little Turtle ndi Blue Jacket, inagonjetsa gulu lankhondo la America lotsogoleredwa ndi Arthur St. Clair, n'kupha asilikali oposa 600. Zinthu zinatembenuka mu Ogasiti 1794 pamene Jenerale Anthony Wayne wa America anapambana ku Fallen Timbers, ndipo pa pangano la ku Greenville la mu 1795 mitunduyi inataya gawo lalikulu la Ohio. A Shawnee otsala anasamutsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1830, a Wyandot mu 1843. Zidzukulu zawo zambiri zili ku Oklahoma lero.

Putnam anachitapo chiyani pa nkhondo imeneyi?

Big Bottom itagwa analembera Washington, amene panthawiyo anali pulezidenti, kupempha asilikali. Mu 1792 boma linam'bwezera udindo wa bulugediya jenerale n'kumutuma ku Vincennes, kumene mu Seputembala anapangana za mtendere ndi mitundu ya m'mbali mwa mtsinje wa Wabash. M'panganolo munali ndime yovomereza kuti malo amene mitunduyo inali nawo ndi akeake, ndipo ili ndi ufulu wogulitsa kapena kukana kugulitsa. Nyumba ya malamulo ya Senate inakana panganolo, ndipo ndime imeneyi ndiyo inavuta. Pamenepa Putnam ayenera kupatsidwa ulemu wake. Koma tisaiwale kuti munthu yemweyo ndiye kuyambira mu 1796 anakhala mkulu woyamba wa oyeza malo m'dziko lonse la America, ndipo ntchito yake inali kudula dziko limene linalandidwa ku Greenville m'zigawo zogulitsa. Anakhala pa udindowo mpaka mu 1803 pamene Pulezidenti Thomas Jefferson anam'chotsa. Boma linadandaula za zolakwika pa kayezedwe, iye ankakhulupirira kuti zinali ndale, popeza anali wa chipani cha Federalist.

N'zoona kuti anathandiza kuti ku Ohio kusakhale ukapolo?

Inde, ngakhale sanali yekha. Lamulo la Northwest Ordinance la pa 13 Julayi 1787 linaletsa ukapolo kumpoto kwa mtsinje wa Ohio, ndipo linakhazikitsidwa nthawi imene kampani yake inkakambirana zogula malo. Mu Novembala 1802, pa msonkhano wolemba malamulo a chigawo chatsopano ku Chillicothe, Putnam ndi Ephraim Cutler, mwana wa m'busa uja, anali m'gulu la nthumwi zimene zinaima nji kuti chiletsocho chikhalebe. Tsidya lina la mtsinje, moonekera ndithu kuchokera ku Marietta, kunali Virginia kumene anthu ankagulitsidwa pamsika.

Ukalamba wake unali wotani?

Anautha pa za mpingo ndi sukulu, ngati munthu amene akubweza chimene anamanidwa ali mwana. Anathandiza kumanga sukulu ya Muskingum Academy ndi tchalitchi cha Congregational cha ku Marietta, ndipo anali mmodzi wa oyang'anira Ohio University ku Athens, imene inakhazikitsidwa mu 1804 pa malo amene anapatulidwa pa mgwirizano wa kampani ija. Mkazi wake woyamba, Elizabeth Ayers, anamwalira chaka chisanathe atakwatirana mu 1761. Wachiwiri, Persis Rice, anakhala naye zaka 55 mpaka pamene anamwalira mu 1820. Putnam anatsala zaka zinayi, thupi litafooka.

Anaikidwa kuti?

M'manda otchedwa Mound Cemetery mu Marietta momwemo, pamodzi ndi Persis. Sanam'bweze ku Massachusetts, ndipo mafupa ake sanafukulidwe kuti akaikidwe kwina monga zinachitikira anzake ena a nthawi imeneyo. Mwachitsanzo, Daniel Boone, mlenje wotchuka, anamuika ku Missouri mu 1820, anthu a ku Kentucky n'kudzafukula mu 1845, ndipo mpaka lero zigawo ziwirizo zimakanganabe kuti mafupa enieni ali kuti. Za Putnam palibe mkangano. Chiliza chake chimatchula zinthu ziwiri: kuti anali mkulu wa asilikali pa nkhondo ya ufulu, ndi kuti anatsogolera gulu limene linafika pa 7 Epulo 1788.

Nanga manda a atsamunda anapezeka bwanji pa chimtumbira cha anthu ena?

Atafika mu 1788 anapeza kuti pamtunda umene anasankha panali kale ntchito yaikulu ya manja a anthu: makoma adothi ozinga mabwalo aakulu, nsanja zadothi zathyathyathya pamwamba, mseu waukulu wokhala ndi makoma uku ndi uku wotsikira ku mtsinje wa Muskingum, ndi chimtumbira chosongoka chozunguliridwa ndi ngalande. Pamwamba pa zonsezi panali patamera mitengo ikuluikulu. Manasseh Cutler anawerenga mizere ya m'zitsa za mitengo imene inadulidwa pamenepo, n'kuona kuti makomawo ndi a zaka mazana ambiri. Putnam anayeza malo onsewo n'kujambula mapu ake, ndipo mapuwo ndi amodzi mwa oyambirira a zomanga zamtunduwu ku America. Akatswiri a masiku ano amati chimtumbiracho ndi cha anthu amene amawatcha Adena, ndipo mabwalo aja ndi a otchedwa Hopewell. Amenewa ndi maina ongowapatsa, maina awo enieni anapita nawo.

M'madera ambiri a Ohio alimi anagumula zitunda zotere ndi mapulawo. Ku Marietta akuluakulu a kampani anagamula kuti zikuluzikuluzo zikhale malo a anthu onse, osagawidwa kwa munthu, ndipo anazipatsa maina Achilatini: chimtumbiracho Conus, nsanja ziwiri Quadranaou ndi Capitolium, mseu uja Sacra Via. Ena atakumba pamwamba pa Conus anapeza mafupa a munthu, ndipo anakwiriranso osapitiriza. Mu 1801 malo ozungulira chimtumbiracho anawasandutsa manda a mudzi, ndipo woyamba kuikidwamo anali Robert Taylor, msilikali wa nkhondo ya ufulu. Mandawo ndiwo anachipulumutsa. Makoma a Sacra Via, amene analibe womwalira wachizungu wowatchinjiriza, anadzagumulidwa pambuyo pake, dothi lake n'kuumbira njerwa.

Apa ndi pamene pamandigwira mtima. Ife tikudziwa chimene manda amanena. Pakakhala mlandu wa malo, wamkulu amaloza kumsitu n'kuti agogo athu agona apo, ndipo mawu amenewo amalemera kuposa pepala. Putnam anaona chimtumbira chija, anachiyeza ndi chingwe chake, anadziwa kuti ndi manda, ndipo anachisunga. Chimenecho ndi chinthu chabwino chimene ambiri a m'nthawi yake sanachite. Koma analemekeza eni dziko akufa m'zaka zomwezo zimene ankadula malo a eni dziko amoyo. Azungu ambiri a nthawi imeneyo ankakonda kunena kuti zitundazi zinamangidwa ndi mtundu wina wotayika, osati makolo a anthu amene anawapeza. Bodza limeneli linali lokoma kwa wolanda malo, ndipo linatsutsidwa kotheratu ndi kafukufuku wa bungwe la Smithsonian mu 1894. Omanga zitundazi anali eni nthaka a ku America. Atsamunda ataika akufa awo m'munsi mwa chimtumbiracho, nawonso anayamba kuloza pomwepo n'kumati agogo athu agona apa.

Ndani enanso agona m'mandamo?

Abraham Whipple, mkulu wa zombo zankhondo amene anatsogolera kutentha chombo cha Britain chotchedwa Gaspee mu 1772, ndipo anamwalira mu 1819. Benjamin Tupper, mnzake wa Putnam poyambitsa kampani. Ebenezer Sproat, amene anali mkulu woyamba wosungitsa bata m'deralo. Anthu a ku Marietta amanena kuti palibe manda ena ku America amene muli akuluakulu a asilikali a nkhondo ya ufulu ochuluka chotere. Lafayette, Mfalansa amene anamenya nawo nkhondoyo, anafika ku Marietta mu Meyi 1825, Putnam atatha chaka chimodzi m'manda.

Munthu atapitako lero angaoneko chiyani?

Mandawo ali pakati pa nyumba za anthu, m'mbali mwa Fifth Street, ndipo ndi otsegula kwa aliyense. Ngalande yozungulira chimtumbiracho ikuonekabe. Pali makwerero amiyala okwera mpaka pamwamba, pamene pali mabenchi, ndipo ukaima pamenepo ziliza zonse umaziona pansi pako. Quadranaou ili m'paki ya mumzindamo, ndipo pamwamba pa Capitolium anamangapo laibulale.

Linga la Campus Martius linaphwasulidwa nkhondo itatha mu 1795, matabwa ake anthu n'kumangira nyumba zina. Gawo la Putnam lokha ndilo linatsala pamalo pake, chifukwa iye anapitiriza kukhalamo n'kulikuza. Lero nyumbayo ili m'kati mwa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Campus Martius Museum, imene anaimanga moikuta. Panja pake pali kanyumba kamatabwa ka chipinda chimodzi kamene kanali ofesi ya kampani, mmene ankasungiramo mapu ndi kulembera maina a olandira malo. Kuchoka pamenepo kukafika kumanda ndi ulendo wapansi wa mphindi zochepa.